Chitsime cha Kumunsi kwa Kabichi

Aliyense ankati Chitsiriza ali ndi mwayi, ndipo naye ankavomera. Mwamuna wake, dalaivala wa lole uja wa mano oyera, atapita ulendo wosabwerera, foni n'kungoti zii, mimba ili kutsogolo ngati ng'oma, amene anamutola ndi mkulu wake. Achemwali akewo kumsika amadziwika kuti Mai Kabichi, moti ukawatchula dzina lina anthu amangoyang'anana. Anabwera okha ndi kapikapu kawo, n'kupakira matiresi, mapoto, mbaula ndi mwiniwake yemwe, eni nyumba ya lendi akusuzumira pawindo. Anakamutsitsa kumunda kwawo, pa kanyumba ka chipinda chimodzi koyandikana ndi chitsime.

"Pano ukhala ngati mkazi wa bwana," anatero Achemwali pomupatsa kiyi. "Ndiwo pakhomo, madzi pakhomo. Anzako amayenda mtunda ndowa ili pamutu, iwe uzingotambasula dzanja."

Kuti nkhaniyi imveke bwino, muyenera kudziwa mmene malowo anakhalira. Ndi potsetsereka. Pamwamba pali nyumba yaikulu ya Achemwali ndi amuna awo, ya khonde lopaka polishi wofiira. Ukatsika pang'ono upeza makola a nkhuku, kuseri kwake kuli phiri la zitosi, lotentha mkati moti m'mawa limafuka nthunzi. Kenako mabedi a kabichi, mizere mizere mpaka maso kutopa. Pansi penipeni, pomwe madzi onse amathera, ndiye pali chitsime ndi kanyumba ka Chitsiriza. Dothi lake ndi lamchenga, ladyera. Ukathira ndowa, usanatembenuke n'komwe lamwa kale.

Makolo awo ali moyo, mundawo unkalimidwa mosinthasintha. Chaka chino nyemba, chaka china mtedza, chigawo china n'kuchisiya chipume, mapesi n'kumawakwirira momwemo. Malemu mayi awo ankati nyemba zimadyetsa nthaka. Koma atabwera alamu, amuna a Achemwali aja, anati nthaka si mphunzitsi kuti izipita kutchuthi. Inali kabichi pa kabichi, dzinja ndi chilimwe. Feteleza nayenso ankathiridwa mwamtundu wawo. Alimi ena amaboola kadzenje pambali pa mbewu, n'kuthiramo kachitsekerero kamodzi ka botolo, n'kukwirira. Alamu ankaziseka zimenezo, ati kumeneko n'kudyetsa mbewu ndi supuni ngati wodwala. Iwo ankafuna feteleza wa yuleya wodzaza manja, womwaza ngati ukudyetsa nkhunda, makamaka mitambo ikada, kuti mvula imukhomerere pansi. Chilimwe ankaliza pampu mpaka mabedi kusanduka dziwe. Ndipo tisaname, kabichi yake inkatuluka mitu yoti mwana sanganyamule.

Womwazayo anali Chitsiriza. Sikuti anamulemba ntchito ayi, paja m'bale salembedwa ntchito, amangothandiza. Ndiye ankathandiza kuyambira m'mawa mpaka msana kukana, beseni la feteleza lili m'chiuno, mimba ili mbali inayo, zikhatho zikusupuka. Sankadandaula. Munthu amene wakutola pamsewu sumuwerengera thukuta lako.

Mwana anabadwa wamkazi, wolira ngati wachita kutumidwa. Akalira ankafiira nkhope yonse mpaka m'makutu, ndiye alamu anamutcha Tsabola, dzinalo n'kukakamira. Vuto linali mkaka. Mabere a Chitsiriza ankangotulutsa timadontho, kaya ndi maganizo a dalaivala uja kaya n'kutopa, ndipo Tsabola ankayamwa pang'ono n'kulavula bere mokwiya. Tsiku lina Achemwali anatsika ndi chitini cha mkaka wa ana ndi botolo lake. Anati asadzivute, mwana azimwa wam'chitini, iye apeze mpata wobwerera kumabedi poti udzu sudikira munthu. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anachibwereza, atamugwira pamkono zolimba: madziwo aziwiritsa. Osati kungofunditsa ayi. Awire, awirenso.

Chitsiriza ndi munthu womvera, mwina mopitirira. Ankatunga pachitsime, n'kutereka ketulo pambaula, n'kuisiya ikubwata mpaka madzi atsike kufika pakati, mkati mwa ketulo mutayera mbuu ngati mwapakidwa laimu. Makala ankatha, koma mtima wake unali pansi. Ankadziuza kuti mwana wake alibe bambo, koma za ukhondo palibe amene angamuloze chala.

Tsono panali kanthu kena kamene ankakaona koma osakaganizira. Pikapu ikapita kumsika ndi kabichi, pobwera inkabwera ndi zigubu zachikasu kumbuyo, zofundidwa masaka. Alamu ankazitsitsira kukhomo la kukhitchini mwachangu, ngati katundu wobedwa. Chitsiriza atafunsa, Achemwali anatsitsa mawu n'kumunong'oneza kuti ndi madzi a pampopi a m'tauni, amuna awo ali ndi m'mimba mwachizungu, akangomwa a pachitsime amagona kuchimbudzi. Anaseka awiriwo mpaka kugwirana mapewa. Kwa masiku angapo Chitsiriza akawaona alamu akudutsa atagwira lamba, ankaluma mlomo kuti asaphulike.

Tsabola asanayambe n'kukhala komwe, anasintha. Choyamba chinatha ndi kulira kuja. Anthu ankati mwana wakula, waphunzira ulemu, koma mayi wake sanakondwe nazo. Mwana ankangogona, akadzuka n'kuyamwa botolo mwaulesi, kupuma kuli befubefu ngati wathamanga. Ndipo akayesa kulira sankafiiranso. Ankatuwa. Milomo inayamba kuda mobiriwira, tizikhadabo natonso chimodzimodzi, ngati waseweretsa inki. Chitsiriza anamunyamula kukwera naye kunyumba yaikulu. Achemwali anamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha, n'kutembenukira kusinki, n'kunena kuti ndi kuzizira, amufunditse, ndipo madzi aja asaiwale kuwiritsa kwambiri.

Anamufunditsa. Anawiritsa kwambiri. M'mawa mwake pomusambitsa anapeza kuti kuderako kwafika m'manja ndi kumapazi, ndipo khosi likungogwera kumbuyo. Sanapemphenso maganizo a munthu. Anathamanga chokwera chitunda, wopanda nsapato, n'kukawapeza alamu akupakira kabichi, ndipo anakalowa kutsogolo kwa pikapu osadikira kuuzidwa. Alamu anayendetsa njira yonse osayatsa ndi wailesi yomwe, munthu woti sayenda popanda nyimbo.

Kuchipatala sanamuimike pamzere. Nesi wina wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, atangovundukula nsalu anamulanda mwana n'kulowa naye mkati. Anamuika kachipaipi ka mpweya m'mphuno, koma mtundu sunasinthe. Atatenga magazi, Chitsiriza anaona yekha kuti si magazi amene amawadziwa. Anali oderako, abulauni, ngati tiyi wopanda mkaka amene wagonera m'kapu. Anesi anaitana adokotala, ananong'onezana, kenako n'kubwera ndi mankhwala ena obayira mumtsempha. Atatha zonsezo ndi pamene anesi anamukhazika pabenchi n'kumufunsa chimene mwana amadya, ndi madzi amene amasungunulira mkakawo.

Apa Chitsiriza anayankha molimba mtima, poti apa pokha ndi pamene ankadziwa kuti sanalakwe. Anati ndi a pachitsime, koma amawiritsa mpaka ketulo kutsala theka. Anesi anavula magalasi aja n'kuwasiya alendewere pachifuwa. Anafunsa ngati pafupi ndi chitsimecho pali munda wothira feteleza kapena khola. Chitsiriza anati zonse ziwiri, ndipo zili kumtunda.

Anesi anamufotokozera mofatsa, ngati akuuza mng'ono wawo. Anati mu feteleza ndi m'zitosi muli chakudya cha mbewu chotchedwa nayitirojeni. Mbewu imadya chimene ingathe, chotsalacho sichikhala m'dothi kudikira ayi, makamaka dothi likakhala lamchenga. Chimasungunuka n'kutsika ndi madzi mpaka kukafika kumene chitsime chimamwa. Sichinunkha, sichisintha mtundu wa madzi. Munthu wamkulu thupi lake limalimbana nacho, koma kakhanda chikakalowa m'magazi, magaziwo amalephera kunyamula mpweya.

"Koma ndimawiritsa," anatero Chitsiriza.

"Kuwiritsa kumapha tizilombo, mayi. Ichi si kachilombo. Mukathira mchere mundiwo, msuzi n'kuphwerera, mcherewo umachepa kapena umawawa?"

Chitsiriza anangoona ketulo yake ija m'maganizo, ikubwata, iye ali pambali akukupiza moto ndi chivindikiro cha poto.

Pofika masana milomo ya Tsabola inayamba kubwerera, ndipo analirako pang'ono, kamawu kosasa. Adokotala anati agonekedwa kaye. Anatinso bambo wa zaumoyo, amene amayendera zitsime, apite akayeze madziwo. Poti Chitsiriza anabwera wopanda nsapato, wopanda thewera ngakhale limodzi, anesi anati akwere nawo njinga yamoto akatenge zovala, mwana amuyang'anira mayi wa bedi loyandikana nalo, telala wina wonenepa amene mwana wake anathyoka mwendo.

Bambo wa zaumoyoyo anali wolongolola. Njira yonse ankakamba za zitsime zimene anapezamo achule, nsapato, ngakhale wailesi. Koma atakhota pageti n'kuona makola a nkhuku, anachepetsa moto.

"Kuno? Kunotu ndinabwerako."

Chitsiriza anaganiza kuti mwina anadzagula kabichi. Ayi ndithu. Bamboyo anaimika njinga pachitsime pomwe, osafunsa njira, n'kunena kuti chitsime ichi anachiyeza kale mvula yapitayi isanayambe. Anatunga madzi m'kabotolo, n'kuviikamo kapepala kakang'ono ngati kachitsotso ka machesi, ndipo kanasanduka kofiirira nthawi yomweyo. Anapukusa mutu, ati ulendo uja kanafiira, koma osati chonchi. Anati tsiku limenelo anawauza mayi a pano pamaso, amuna awo ali pomwepo, kuti madziwa ndi othirira mbewu basi, asamwe munthu, makamaka woyembekezera ndi khanda. Anawauza asamutse phiri la zitosi, achepetse feteleza, azithira pang'onopang'ono mokwirira, abwezeretse nyemba m'mabedi ena kuti nthaka ipume. Za kuwiritsa anachita kubwereza kawiri kuti sizithandiza, poti aliyense amathamangira komweko. Mayiwo anamuthokoza bwino, n'kumupatsa kabichi iwiri, n'kumutsimikizira kuti pachitsimepo samwapo munthu, kanyumbako n'kosungiramo makasu.

"Nanga inu munabwera liti pano?" anafunsa bamboyo.

Chitsiriza anawerenga mumtima. Anabwera mvula itagwa kale, chimanga cha anthu chili m'mawondo. Ndiye kuti tsiku lija ankapatsidwa kiyi, akuuzidwa za madzi pakhomo, kapepala kanali katafiira kale.

Sanalowe m'kanyumba kukatenga matewera. Anakwera chitunda kudutsa m'mabedi, akuponda kabichi osaona, timiyala ta yuleya tikumubaya kumapazi. Anawapeza Achemwali kukhitchini akusenda anyezi. Pansi pa tebulo, kuseri kwa nsalu ya maluwa, zigubu zachikasu zinali ndandanda. Achemwali atamuona anaimirira, mpeni uli m'manja, n'kufunsa za mwana. Chitsiriza anati mwana ali moyo. Kenako anati kunja kuli mlendo wawo, uja anamupatsa kabichi iwiri.

Achemwali anasuzumira pawindo, n'kukhalanso pansi pang'onopang'ono. Poyamba anayesa kuzungulira. Anati anthu a zaumoyo amakokomeza, ukawamvera ungasiye ndi kupuma komwe. Anati chitsime chimenechi anakumba ndi bambo awo, onse anakulira madzi omwewo, ndani anafa? Chitsiriza anati nthawi ya bambo kumtunda kunali nyemba, kunalibe nkhuku zikwi. Ndiye Achemwali anasintha nyimbo, misozi ili lengelenge, ati iwo ankakhulupirira ndithu kuti madzi akawira kwambiri zoipa zimatuluka ndi nthunzi, bamboyo kaya ananena kaya sananene, iwo sanamve bwino.

"Ngati kuwiritsa kumathandiza, achemwali, inu bwanji simunkawiritsa? Mbaula muli nayo. Ya magetsi muli nayo."

Anyezi anagubuduka kuchoka patebulo, palibe anamutola.

"Iwe sukudziwa kulemera kwa zigubuzi," anatero Achemwali, maso ali pansi. "Pikapu imabwera itadzaza kale. Sizikanakwanira nyumba ziwiri."

"Botolo la mwana, achemwali. Kabotolo kamodzi. Madzi amene mumatsukira anyeziwa akanamukwanira tsiku lonse."

"Ndikanakupatsa ukanafunsa chifukwa chake. Ndipo iwe pakamwa pako ndimapadziwa, sipagona nkhani. Mawa lake msika wonse ukanamva kuti kwa Mai Kabichi madzi ndi a poizoni. Ndani akanagulanso kabichi yathu? Ukanadya chiyani iweyo? Ukanathawa n'kundisiyira mabedi onsewa ndekha."

Mawu omalizawo anatuluka okha, ndipo Achemwali anatseka pakamwa mochedwa. Chitsiriza anawayang'ana. Awa ndi amene ankamubereka kumsana popita kusukulu, amene anamumenyera mtsikana wina wa kalasi yapamwamba chifukwa chomulanda chofufutira, amene anamugwira dzanja pa maliro a mayi. Nkhope inali yomweyo, ndi kachipsera ka pachibwano komwe. Anafufuza mumtima mwake mkwiyo woti awakalipire nawo, koma anapezamo dzenje lokhalokha.

Alamu anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, chipewa chili m'manja. Akanangokhala chete bwenzi zili bwinoko. Koma anakonza kukhosi n'kunena kuti pankhani ngati izi tisamalozane zala, chifukwa tikayamba kufunsa kuti fetelezayo ankamwaza ndani, nkhani ifika patali.

Chitsiriza anayang'ana zikhatho zake zosupuka zija. Kenako anadutsa pambali pawo osawakhudza, n'kutsika. M'kanyumba anatenga matewera, zovala za mwana, nsapato zake ndi chitini cha mkaka. Ketulo anaisiya pambaula. Bambo wa zaumoyo anali atamanga kale waya pachivindikiro cha chitsime, ndipo pobwerera sanakambenso za achule.

Ku wodi, telala uja anali atamva kale theka la nkhani kwa anesi, theka linalo analitulutsa yekha mwa Chitsiriza ngati akusomola ulusi. Ankamvetsera akuomba m'manja pang'onopang'ono, n'kumati abale, abale. Atamva za alamu anati mwamuna ameneyo amubweretsere, amusoke pakamwa ulere. Chitsiriza anaseka koyamba, kuseka kotuluka ndi mamina. Telalayo anati kuseri kwa shopu yake kuli kachipinda kosungiramo nsalu, kopanda windo labwino, koma pabwalo pali mpopi. Anati akufuna munthu wosita ndi kusokerera mabatani, ndipo kwa iye wothandiza amalandira, kaya ndi m'bale kaya si m'bale. Chitsiriza anati sadziwa kusoka. Telala anati amene amatha kupirira mabedi a kabichi sangalephere batani.

Tsabola anachira ngati sanadwalepo. Anayambiranso kukuwa, moti amayi a mu wodi amene ankamumvera chisoni aja anayamba kufunsa kuti atuluka liti. Anesi anamuphunzitsa Chitsiriza kumuika kubere pafupipafupi ngakhale mkaka ukhale wochepa, ndipo pang'onopang'ono unayamba kubwera.

Tsiku lotuluka, Achemwali anabwera. Anavala diresi la kutchalitchi, atanyamula shawelo yatsopano yoyera ikadali m'pepala lake. Anamupeza Chitsiriza pabenchi la panja akudikira telala, amene anali kukangana ndi wa kumankhwala. Anakhala kumapeto kwa benchi, n'kuika shaweloyo pakati pawo. Anati sakugona. Anati phiri la zitosi alamu ayamba kulisamutsa, ndipo kuyambira tsopano chigubu chimodzi chizitsikira kumunsi, achita kulumbira. Anati magazi ndi magazi, anthu akamva kuti mwana wa mayi awo akugona m'sitolo ya munthu wachilendo aziti chiyani? Anapempha kuti amunyamuleko mwana.

Chitsiriza anatsala pang'ono kumupereka. Manja anali atayamba kale kumasula nsalu, poti thupi limazolowera kumvera. Mtima unkamuuza kuti mwina anthu amalakwa, mwina mantha ndi amene anawatseka pakamwa, mwina nayenso akanakhala iwo akanatero. Achemwali ataona kuti nkhope yafewa, anasendera pafupi n'kupumira m'mwamba.

"Ndiye tiye, pikapu ili pageti. Mbande zija zakulatu, zikapitirira sabata ino osaokera ziwonongeka."

Chitsiriza anamangitsanso nsalu ija, mfundo ziwiri. Anaimirira, n'kumukankhira Tsabola bwino pamsana, n'kutola jumbo yake ya matewera.

"Pezani wina, achemwali," anatero. "Koma ameneyo mumuuze za chitsimecho."

Telala anatulukira pakhomo akutukwanabe chapansipansi, mwana wake akudumphira pa ndodo kumbuyo kwake. Anayang'ana mayi wa diresi la kutchalitchiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa mokweza ngati awa ndi omwe aja. Chitsiriza anati minibasi ikudzaza, tiyeni.